Kuwotcherera zitsulo za galimoto ndi TIG: zimene wophunzira wa ku Bundabunda ayenera kudziwa

TIG ndi njira yowotcherera zitsulo pogwiritsa nchito moto wa magetsi wochokera pa kansonga ka chitsulo cholimba chotchedwa tungsten, pamene mpweya wa argon ukuphimba malo amene akusungunukawo. Dzinali ndi chidule cha mau a Chingerezi akuti Tungsten Inert Gas, ndipo m'mabuku a sukulu za luso njira yomweyi imalembedwanso kuti GTAW. M'magalaji ambiri anthu amangoti kuwelda ndi argon.

Njira imeneyi imatha kulumikiza malata opyapyala a galimoto, aluminiyamu, ndi chitsulo chosachita dzimbiri chotchedwa stainless steel, popanda kuziboola. Koma ndi yochedwa, ndi yodula, ndipo pa njira zonse zowotcherera zimene mmisiri amachita ndi manja, iyi ndi imene imatenga nthawi yaitali kuti munthu aizolowere. Wachinyamata amene akufuna kugulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti agule makina a TIG ayenera kuyamba wamvetsa kuti makinawo paokha sangamupatse ndalama ngati alibe malo otchingidwa ku mphepo, magetsi odalirika ndi njira yopezera argon.

Bundabunda ndi mseu wa Great East

Bundabunda ili kum'mawa kwa tauni ya Chongwe m'chigawo cha Lusaka, m'dera la Mfumu Bunda Bunda ya Asoli. Tauni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lusaka. Mseu waukulu wa Great East umadutsa m'derali kupita ku Chinyunyu kumene kuli akasupe a madzi otentha, kenaka ku Rufunsa, ku zitunda za Manenekela, pa ulalo wa Luangwa, mpaka ku Chipata ndi ku malire a Malawi pa Mwami. Mu mseu umenewu mumayenda mabasi, malole akuluakulu, ma minibasi a Hiace, ndi ma Canter onyamula chimanga, makala ndi matimati kupita ku misika ya mu Lusaka. Galimoto zimene zimapatuka pa tala kulowa m'miseu ya fumbi yopita m'midzi zimagunda miyala ndi maenje, ndipo zitsulo zake zimang'ambika kawirikawiri.

Amisiri owotcherera amene amapezeka m'misika ya m'mbali mwa mseu, ngakhalenso m'makomboni a mu Lusaka monga Kalingalinga ndi Garden, ambiri amagwiritsa nchito makina a ndodo, aja odziwika ndi kuthetheka kwa moto ndi utsi wambiri. Makina amenewa ndi amene amapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, zikochikale, ndiponso kukonza mapulawo. Pa chitsulo chochindikala amagwira nchito yabwino ndithu. Bvuto limayamba pa lata la galimoto yaing'ono, limene nthawi zambiri silikwana ngakhale milimita imodzi kuchindikala kwake. Ndodo ikangolikhudza, pamatsala bowo. Bvuto lina ndi lakuti galimoto za makono zili ndi aluminiyamu wambiri: chikwama cha giyabokosi, mutu wa injini, sampu ya galimoto zina, mapaipi a turbo ndi a mpweya woziziritsa m'kati mwa galimoto. Chimodzi mwa zimenezi chikang'ambika, mwini wake kawirikawiri amachichotsa ndi kukwera nacho basi kupita ku Lusaka, galimoto ili chiimire m'mudzi ndipo katundu wa ku munda akudikira.

Mau akuti kupanga galimoto nawonso afunika kumveka bwino. M'zaka za m'ma 1970 dziko la Zambia linali ndi fakitale ya Livingstone Motor Assemblers imene inali kumanga galimoto za Fiat, koma inadzatsekedwa. Galimoto zambiri zimene zili pa mseu masiku ano ndi zogwirapo kale nchito zochokera ku Japan. Chimene amisiri a m'dziko muno amapanga ndi mabodi a malole, ngolo zokoka, zitsulo zotchingira kutsogolo kwa galimoto, makeriya a pa denga, mapaipi a utsi, ndi zitsulo zotetezera woyendetsa m'galimoto za mpikisano. Masewera a mpikisano wa galimoto ali ndi mbiri yake m'dziko muno: a Satwant Singh anapambana chikho cha African Rally Championship kasanu ndi katatu. M'galimoto zotere msoko uyenera kuzungulira paipi yonse pa malo alionse olumikizira, chifukwa moyo wa woyendetsa umadalira pamenepo galimoto ikagubuduzika.

Kumene njirayi inachokera

TIG inabadwira m'mafakitale a ndege. Mu 1941 a Russell Meredith, amene anali kugwira nchito pa kampani ya Northrop Aircraft ku California m'dziko la America, anapeza njira yowotcherera magnesium, chitsulo chopepuka chimene chinali kubvuta amisiri a nthawi imeneyo. Iwo anagwiritsa nchito kansonga ka tungsten ndi mpweya wa helium, ndipo njirayo inatchedwa Heliarc. Kampani ya Linde inatenga lusoli ndi kupanga matochi ogulitsa. Pambuyo pake argon ndiye anafala chifukwa ndi wotsika mtengo kuposa helium. Makina oyamba anali aakulu ndi olemera kwambiri. Makina a makono otchedwa inverter munthu mmodzi atha kuwanyamula, ndipo ambiri amayendera magetsi a mavoti 230 a m'nyumba. Ichi ndicho chapangitsa kuti galaji yaing'ono ya kumudzi iyambe kuganizako za TIG.

Mmene imagwirira nchito

Mmisiri amagwira tochi ku dzanja limodzi. M'kati mwa tochiyo muli kansonga ka tungsten, chitsulo chimene chimasungunuka pa madigiri 3,422, kuposa chitsulo china chilichonse. Chifukwa cha ichi kansongako sikatha monga mmene ndodo imathera pa makina wamba. Nchito yake ndi kunyamula moto basi. Moto umenewu umasungunula kadziwe kakang'ono pa chitsulo. Dzanja linalo limagwira kawaya kodzazira, kamene mmisiri amabviika m'kadziwemo pang'onopang'ono pamene tochi ikusuntha. Pa makina ambiri phazi nalo limagwira nchito, kuponda chopondera chonga cha mafuta a galimoto kuti moto uwonjezeke kapena uchepe. Manja awiri, phazi ndi maso ziyenera kugwirizana, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amafookera.

Chitsulo chikasungunuka chimakoka mpweya wa oksijeni ndi nayitrojeni wa mu mlengalenga, ndipo chikazizira chimakhala ndi timabowo m'kati, chosalimba. Argon sasakanikirana ndi chitsulo, ndiponso ndi wolemera kuposa mpweya wamba, kotero amakhala ngati chibvundikiro pamwamba pa kadziwe kaja. Mpweya umenewu uli mu mlengalenga momwemu, pang'ono kuchepera pa gawo limodzi mwa magawo 100, ndipo mafakitale amaupatula poziziritsa mpweya kwambiri. M'dziko la Zambia umagulitsidwa m'masilinda ndi makampani monga Afrox. Wogula ayenera kunena momveka kuti akufuna argon wosasakaniza. Pali mpweya wina wosakaniza argon ndi carbon dioxide umene ndi wa njira ina yotchedwa MIG, ija imene makina amatulutsa okha waya wodzazira, ndipo pa TIG mpweya umenewo umawononga kansonga nthawi yomweyo.

Argon amatuluka mu tochi mofatsa, malita 6 mpaka 10 pa mphindi pa nchito zambiri za galimoto. Kamphepo kakang'ono ndi kokwanira kumuuluza. Tanthauzo lake ndi lakuti TIG siitheka pansi pa mtengo m'mbali mwa mseu, kumene amisiri a ndodo amagwirira nchito chaka chonse. M'mwezi wa August, pamene mphepo ndi fumbi zimakula, ngakhale chitseko cha galaji chosiyidwa chotsegula chitha kuwononga msoko. Kutsegula mpweya mopitirira muyeso sikuthandiza, chifukwa argon akatuluka mwamphamvu amazungulira ndi kukokera mpweya wamba m'kadziwe momwemo.

Makina oyenera kugula

Makina opangidwa pamanja m'makomboni, aja okulungidwa waya pa chitsulo, sangagwire nchito ya TIG. Makina a ndodo a mtundu wa inverter otulutsa magetsi a DC atha kuigwira pa chitsulo wamba ndi pa stainless steel, munthu akagula tochi yokhala ndi valavu ya mpweya, silinda ndi geji. Tochi imalumikizidwa ku mbali ya negative, kuti kutentha kwambiri kupite pa chitsulo ndipo kansonga kasapse. Iyi ndiyo njira yotsika mtengo yophunzirira, ndipo mmisiri amene ali kale ndi makina otere sayenera kuthamangira kugula ena.

Aluminiyamu amafuna makina otulutsa magetsi a AC. Makina olembedwa AC/DC ndiwo odula, ndipo pogula ndi bwino kuwerenga chikwangwani cha pa makinawo mmalo modalira pakamwa pa wogulitsa. Wogula makina a DC okha, poganiza kuti adzakonzera masampu ndi magiyabokosi, adzazindikira mochedwa kuti ndalama zake zalowa m'madzi. Makina a maampu 200 amakwanira pa nchito zambiri za galimoto. Poyerekeza mphamvu ya moto, amisiri amayambira pa maampu pafupifupi 40 pa milimita iliyonse ya chitsulo wamba, kuchepetsako pa stainless steel ndi kuwonjezerako pa aluminiyamu.

Tinsonga ta tungsten timene timagwira nchito kwambiri ndi ta mamilimita 1.6 ndi 2.4, ndipo mtundu wake umadziwika ndi utoto wa kumapeto. Kofiira kali ndi thorium, amene fumbi lake ndi loipa m'mapapo chifukwa limatulutsa cheza cha radiation. Kagolide ndi kabuluu kali ndi lanthanum, kamagwira pa zitsulo zonse, ndipo ndi kamene wophunzira angachite bwino kusankha. Ponola kansonga, mizere ya gulayinda iyenera kutsata utali wake kupita ku nsonga. Kakanoledwa mopingasa, moto umayendayenda.

Ndondomeko ya kuphunzira

Wophunzira sayambira pa galimoto ya munthu. Amayambira pa zidutswa za chitsulo wamba cha mamilimita atatu, zopalidwa mpaka kuwala. Ndodo imatha kupyola pa dzimbiri ndi penti, koma TIG siilola dzimbiri, penti, mafuta, ngakhale chikhungu chakuda chimene chitsulo chatsopano chimabwera nacho kuchokera ku fakitale. Amisiri amene anazolowera ndodo amabvutika ndi lamulo limeneli kuposa ophunzira atsopano, chifukwa nthawi yotsuka ndi kupala imaoneka kwa iwo ngati yotayika.

Phunziro loyamba ndi kuyendetsa kadziwe popanda waya wodzazira. Kansonga kamakhala mamilimita awiri kapena atatu pamwamba pa chitsulo, tochi itapendekeka pang'ono, madigiri ngati 15. Wophunzira amakhala pansi, ndi kutsamiritsa dzanja pa tebulo monga mmene munthu amachitira polemba. Mizere ikayamba kutuluka yofanana m'lifupi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye amayamba kubviika waya. Kansonga kakakhudza kadziwe kapena waya, ndipo kadzakhudza kambirimbiri m'masabata oyamba, nchito imaima ndipo kamanoledwanso. Kupitiriza ndi kansonga kodetsedwa kumaphunzitsa dzanja zolakwika. Nchifukwa chake ophunzira amanoleratu tinsonga tingapo asanayambe.

Kenaka amalumikiza zidutswa ziwiri zogundana m'mphepete, zosanjikizana, ndi zoimirira pa chinzake. Atatha izi amatsikira ku malata opyapyala, kenaka ku mapaipi, kumene dzanja liyenera kuzungulira pamene tochi ikusunga mapendekedwe ake. Aluminiyamu amabwera pomaliza. Msoko wokongola pamwamba utha kukhala wosalowa m'kati, kotero chidutswa chilichonse chophunzirira chiyenera kumangidwa pa vayisi ndi kupindidwa ndi hamala, kapena kudulidwa pakati kuti m'kati muoneke. Msoko wabwino umapindika pamodzi ndi chitsulo. Ukathyoka pa malo olumikizira, wophunzira sanafike pogwira galimoto yonyamula anthu.

Pa lata la galimoto mdani wamkulu ndi kutentha, kumene kumapotokola chitsulo. Chigamba chiyenera kudulidwa molingana ndi bowo, popanda mpata. Mmisiri amayamba ndi timadontho togwirizira totalikirana, kenaka amawotcherera pang'ono apa, kulumphira kwina, ndi kudikira kuti pazizire. Kachidutswa ka kopa koikidwa kumbuyo kamamwa kutentha ndi kuletsa kuboola. Ubwino wa TIG pa nchito imeneyi ndi wakuti msoko wake ndi wofewa, kotero umatha kusulidwa ndi hamala mpaka kusalala, ndipo phala lodzazira lisanapakidwe penti limafunika lochepa. Komabe pomanga bodi ya Canter ndi zitsulo zochindikala, kugwiritsa nchito TIG ndi kutaya argon ndi nthawi. Pamenepo ndodo kapena MIG ndizo zoyenera, ndipo mmisiri wodziwa nchito amasunga njira zonse m'galaji mwake.

Aluminiyamu

Pa nchito zonse za TIG, aluminiyamu ndiye angabweretse makasitomala ku galaji ya m'mbali mwa mseu wa Great East, ndipo ndiye wobvuta kwambiri. Chitsulo chimenechi chimasungunuka pa madigiri 660, koma pamwamba pake pamakhala kakhungu kosaoneka ndi maso kamene kamasungunuka pa madigiri oposa 2,000. Magetsi a AC amasinthasintha mbali: mbali imodzi imaswa kakhunguko, inayo imasungunula chitsulo. Ngakhale zili choncho, malo owotcherera ayenera kuyamba atsukidwa ndi acetone ndi kukwechedwa ndi bulashi ya stainless steel yosungidwira aluminiyamu yekha. Bulashi imene inakhudzapo chitsulo wamba imasiya zinyalala.

Chinthu china chimene chimadabwitsa ophunzira ndi chakuti aluminiyamu safiira akatentha. Amangowala ngati kalilole, ndipo mmisiri akachedwa, malo onsewo amagwera pansi nthawi imodzi. Poyamba amafuna moto wambiri chifukwa amamwaza kutentha msanga, koma chitsulo chonse chikatentha moto uyenera kuchepetsedwa. Apa ndi pamene chopondera cha phazi chimaonetsa phindu lake.

Sampu kapena chikwama cha giyabokosi chimakhala chitamwa oilo kwa zaka zambiri. Moto ukafika, oiloyo amatuluka ndi kudetsa msoko. Mmisiri amachitsuka, kuchitenthetsa kuti oilo atuluke, kuchitsukanso, kuboola kabowo kumapeto onse a mng'alu kuti usapitirire, ndi kukumba kangalande motsata mng'aluwo. Nthawi zina msoko woyamba umatuluka wakuda, ndipo umapalidwa ndi kubwerezedwa kawiri kapena katatu. Waya wa nambala 4043 ndiye amagwiritsidwa nchito kwambiri pa zitsulo zoumbidwa zotere, pamene 5356 ndi wa malata ndi mapaipi ena. Pali zitsulo zina za galimoto zooneka ngati aluminiyamu koma zili magnesium, ndipo zimenezi fumbi lake limayaka moto wosazimitsika ndi madzi. Dontho la vinega pa malo opalidwa limasiyanitsa: pa magnesium limachita thobvu, pa aluminiyamu silichita kanthu. Redieta yokhala ndi matanki a pulasitiki, monga zilili zambiri za galimoto za ku Japan, siwotchereredwa pa tankipo.

Mapaipi a utsi a stainless steel ali ndi lamulo lawo. Waya wa 308L ndi wa chitsulo cha mtundu wa 304, ndipo 309L ndi wolumikizira stainless steel ku chitsulo wamba. Msoko wabwino umaoneka wasiliva kapena wa mtundu wa udzu wouma. Ukatuluka wotuwa ngati phulusa, chitsulo chapsa ndipo chidzachita dzimbiri. M'kati mwa paipi namonso muyenera kudzazidwa argon, apo ai kumbuyo kwa msoko kumatuluka zokakala zakuda zimene mng'alu umadzayambirapo.

Zimene siziyenera kuwotchereredwa

Makina a TIG amapatsa mmisiri mphamvu yolumikiza pafupifupi chilichonse, ndipo ngozi yagona pamenepa. Zitsulo za chiwongolero, masipuling'i, ndi rimu ya aluminiyamu yong'ambika pafupi ndi mabauti kapena pa miyendo yake ziyenera kusinthidwa. Zitsulo zimenezi zinalimbitsidwa ndi moto ku fakitale, ndipo kuzitenthetsanso kumachotsa kulimba kwake ngakhale msoko uoneke bwino. Chimodzimodzi mizati ya galimoto za makono, imene imapangidwa ndi chitsulo cholimba mwapadera, ndi m'mphepete mwa chasisi cha malole ambiri, pamene opanga amaika chenjezo loletsa kuwotcherera kapena kuboola. Bungwe la Road Transport and Safety Agency limayeza galimoto ngati zili zoyenera kuyenda pa mseu, koma woyeza sangawone m'kati mwa msoko wopakidwa penti. Chitsulo cha chiwongolero chikathyoka minibasi ikutsika pa Manenekela, anthu amene ali m'katimo sadziwa kuti chinawotchereredwa kuti ndipo ndi ndani.

Tanki ya petulo, ngakhale itakhuthulidwa ndi kutsukidwa ndi madzi, imasunga mpweya umene umaphulika. Migolo imene munali mafuta ndi chimodzimodzi. Wophunzira sayenera kuzigwira. Powotcherera pa galimoto yeniyeniyo, batire imachotsedwa, ndipo chopanira cha waya wobwezera magetsi chimaikidwa pafupi ndi malo owotcherera, kuti magetsi asadutse m'mabeyaring'i kapena mu kompyuta ya injini. Kumbuyo kwa lata kuyenera kuwonedwa ngati kuli mawaya, mapaipi a mafuta kapena nsalu.

Thanzi la mmisiri

Popeza TIG siithetheka ndipo utsi wake ndi wochepa, ena amaganiza kuti ndi yosaopsa. Kuwala kwake ndi kwaukali kwambiri chifukwa palibe utsi woutchinga. Kumawotcha khungu la pa khosi ndi pa mikono, ndipo maso akakuona popanda chotchinga, usiku wake munthu amamva ngati muli mchenga. Magalasi akuda a dzuwa sathandiza konse. Pafunika chisoti chowotcherera chokhala ndi galasi la nambala 9 mpaka 13 molingana ndi mphamvu ya moto, malaya a thonje a manja aatali, ndi magolovesi achikopa opyapyala. Ana amene amakonda kuima pa khomo la galaji kuonerera nawonso amapwetekeka maso. Ululu wa m'maso ukapitirira tsiku limodzi, munthu apite ku chipatala.

Mu 2017 bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za matenda a khansa, linaika utsi wa kuwotcherera ndi kuwala kwake m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Galaji iyenera kutchinga mphepo pa tebulo koma kukhala ndi potulukira mpweya pamwamba. Mapaipi a madzi okutidwa zinki, amene ambiri amakonda kupangira makeriya, amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa ngati malungo, kotero zinkiyo imapalidwa kaye. Choopsa kwambiri ndi mankhwala ena otsukira mabuleki okhala ndi chlorine: otsalira ake akakumana ndi moto wa TIG amasanduka mpweya wa poizoni wotchedwa phosgene, umene umawononga mapapo ngakhale utakhala wochepa. Argon mwini wake alibe fungo kapena mtundu, ndipo m'dzenje lokonzera galimoto kapena m'kati mwa tanki amathamangitsa mpweya wopuma mpaka munthu kukomoka. Silinda imaimikidwa ndi kumangidwa ndi tcheni ku khoma.

Magetsi ndi argon

Chaka cha 2024 chinaphunzitsa amisiri ambiri za kudalira magetsi. Pa 29 February chaka chimenecho mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali ngozi yogwera dziko lonse. Madzi mu damu la Kariba anatsika, ndipo m'miyezi ina kampani ya ZESCO inali kuzimitsa magetsi maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku. Galaji yodalira TIG iyenera kuganizira za jenereta, koma kajenereta kounikira nyumba sikangakwanitse, ndipo magetsi okwera ndi kutsika amawotcha zam'kati mwa makina a inverter, zimene ndi zobvuta kukonzetsa kumudzi.

Argon naye ndi wochokera kutali. Kwa mmisiri wa ku Bundabunda silinda ikatha ndiye kuti ulendo wa ku Lusaka wayambika, ndipo ndalama za thiransipoti ziyenera kuwerengedwa pa mtengo wa msoko uliwonse. Kapaipi kodontha pang'ono katha kumaliza silinda usiku umodzi, kotero valavu imatsekedwa nchito ikatha ndipo molumikizira mumayesedwa ndi madzi a sopo. Kumbali ina, kuumira mpweya umene umapitiriza kutuluka kwa masekondi angapo moto utazima ndi kudzinamiza, chifukwa mpweya umenewo ndiwo umateteza kansonga ndi mapeto a msoko pamene zikuzizira.

Kophunzirira

Maphunziro a luso la manja m'dziko la Zambia amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Bungweli limalembetsa sukulu, kukonza maphunziro ndi kuyesa ophunzira, ndipo kuwotcherera kumapezeka m'maphunziro otchedwa metal fabrication. Pali sukulu za luso za boma monga Lusaka Business and Technical College, Northern Technical College ku Ndola ndi Chipata Trades Training Institute. Amene anaphunzirira nchito pa galaji popanda satifiketi atha kulembetsa mayeso a trade test kuti luso lawo lizindikirike.

Thumba la chitukuko la Constituency Development Fund linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo gawo lina la ndalamazi limalipirira anyamata ndi atsikana maphunziro a luso. Pempho limadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Anthu a kwa Mfumu Bunda Bunda ayenera kudziwa kumene wadi yawo ili, chifukwa boma la Rufunsa litapatulidwa kuchoka ku Chongwe mu ulamuliro wa a Michael Sata, mbali ina ya dera la mfumuyi, kuphatikizapo Chinyunyu, inagwera ku Rufunsa.

Asanalipire kapena kulembetsa pa sukulu iliyonse, wofuna TIG ayenera kufunsa ngati pali makina a AC/DC amene akugwira nchito, ngati argon amagulidwa nthawi zonse, ndiponso kuti wophunzira mmodzi amagwira tochi maola angati pa sabata. Ophunzira makumi awiri pa tochi imodzi amatuluka akudziwa maina a zipangizo okha. Amene akufuna kupyola pa nchito za galimoto, kukagwira mapaipi a m'migodi kapena a m'mafakitale a mkaka ndi zakumwa, amayesedwanso mayeso ena monga a ISO 9606. Pa mayeso amenewa chidutswa chimene munthu wawotcherera chimapindidwa, kuthyoledwa kapena kujambulidwa ndi X-ray, ndipo satifiketi imene amapatsidwa imatchula mtundu wa chitsulo, kuchindikala kwake ndi kaimidwe kamene iye wabvomerezedwa kuwotcherera.